Denga Limodzi, Makomo Awiri

Chipale chofewa chikagwa ku Kfarsama, katauni ka kumapiri kumtunda kwa Beirut, Melhem sankadikira kuti dzuwa limuuze zochita. Ankavala majuzi awiri ndi chijasi chake cha nthawi ya ukondakitala, n'kukwera makwerero fosholo ili paphewa. Denga ladothi silifuna munthu waulesi. Umayenera kukankhira pansi chipale chonse chisanayambe kusungunuka, kuwaza timapesi ta tirigu m'ming'alu, kenaka kukoka chimwala chobulungira chopsinjira denga uku ndi uku mpaka dothi litagwirana. Ukazengereza, madzi amapeza njira yawo, ndipo amakupeza uli pabedi.

Mumsewu wonse wakumtunda denga lotere linatsala limodzi lokhali. Pansi pake panali nyumba ziwiri zolekana ndi khoma. Ina inali ya Melhem, inayo ya Wadad, mkazi wa malemu Nakhle. Makolo anamanga choncho kuti mabanja awiri azifunditsana ndi khoma limodzi, azikokanso mwala umodzi. Nakhle ali moyo, amuna awiriwa ankaukoka limodzi uku akunyozana za ndale ndi za maapozi a m'minda mwawo. Atamwalira, Melhem anangopitiriza yekha mbali zonse ziwiri, popanda womupempha. Mkazi wake anali atapita kale, ndipo Mulungu sanawapatse mwana, ndiye nthawi anali nayo yambiri kuposa nkhuni.

Malipiro ake anali tsache. Mwala ukafika pamwamba pa khitchini ya Wadad, kumapeto kwenikweni kwa denga, mayiyo ankagogoda kudenga ndi mtengo wa tsache, kutanthauza kuti khofi wapsa. Melhem ankayankha ndi chidendene, n'kutsika. Ankamwera khofiyo pakhomo, chiimirire, chifukwa mkazi wamasiye ndi mwamuna wamasiye sakhala pansi m'nyumba imodzi popanda chifukwa, ngakhale mumsewu wopanda munthu wowaona.

"Lero mwaukoka ngati mukukoka mtembo, aneba," ankatero Wadad. "Fumbi lokhalokha mumphika mwanga."

"Fumbi limenelo ndiye lakometsa. Khofi wanu wa dzulo anali madzi otsukira makapu."

"Bweretsani kapu yanga ngati simukufuna."

Sankabweza. Ankamwa mpaka matsokwe.

Owaona panalibedi. Nyumba zina zonse mumsewuwo zinagulidwa, imodziimodzi, ngati mano a nkhalamba akuguluka. Anagula anthu a ku Beirut, ena ogwira ntchito ku Dubai, ena ana a konkuno okhala ku Canada, amene amagula nyumba kuti aziionetsa anzawo pafoni. Ankagwetsa denga ladothi, kuika matailosi ofiira, kutseka mawindo ndi matabwa opaka utoto, n'kupita. Lachisanu madzulo magalimoto ankakwera phiri atasenza matabwa otsetserekera pa chipale. Kunkamveka nyimbo, majenereta, fungo la nyama yootcha, ana akukuwa. Lamlungu dzuwa likamapendeka onse ankatsika, n'kusiya matumba a zinyalala pamageti kuti amphaka agawane. Kuyambira Lolemba munthu unkamva ngakhale madzi akuyenda m'ngalande pansi pa chipale.

Ana a m'tauniyo analibe pogwira. Chipinda chimene kale munthu ankakubwereka chifukwa chodziwa bambo ako, tsopano chinkafuna madola, ndipo mwini wake ankapeza zambiri pa masiku awiri a alendo kuposa pa mwezi wa mwana wa mnzake. Anyamata akakwatira ankatsikira kunyanja, n'kumakwera Lolemba lililonse kudzakolopa nyumba zimene anabadwiramo. Sukulu inatsekedwa. Wophika buledi ankayatsa uvuni kumapeto kwa sabata kokha. Wansembe ankachokera kumunsi, msewu ukalola.

Ziad, mwana yekhayo wa Wadad, naye anali kumunsi, ndipo sankagona tulo ndi amayi ake. Chaka ndi chaka ankawachonderera kuti agulitse, akakhale naye m'nyumba ya m'mwamba yokhala ndi madzi otentha. Atatopa kukangana, anapangana pangano pamanda a Nakhle, Melhem ali mboni. Wadad akhala kuphiri malinga ngati denga silidontha. Tsiku limene dontho limodzi lidzagwe m'nyumba, adzalongedza popanda kuwiringula. Ziad anavomera akuseka, poganiza kuti dzinja limodzi likwana. Koma nyengo zozizira zinabwera n'kupita, ndipo Lamlungu lililonse akakwera ankayang'ana kudenga asanapereke moni, n'kupeza kouma gwa.

Choncho Melhem ankadziwa bwino lomwe chimene ankakoka padengapo. Sunali mwala wokha. Ankakoka utsi umodzi wokhawo umene unkatuluka pafupi ndi wake, chifuwa chimene ankachimva kuseri kwa khoma m'mawa, ndi mawu a munthu womunyoza pomutchula dzina. Zimenezi sanaziuzepo munthu, ngakhale wansembe.

Tsiku lina Lachiwiri, ali padenga kukonza ngalande, anaona galimoto yakuda itaima pakhomo pa Wadad. Munatuluka Ramez, dobadoba wa nyumba, amene anagulitsa theka la tauniyo ndipo anali kusakasaka theka linalo. Melhem ankamudziwa kuyambira ali ndi mamina, akukwera basi osalipira. Tsopano anali ndi nsapato zoyera zosayenera matope ndi mafoni awiri. Analowa kwa Wadad, anakhalitsamo, ndipo atatuluka anali ndi tepi m'manja. Anayeza khoma lakutsogolo, anayeza khonde, anajambula mtengo wa mphesa wouma wa pakhondepo.

"Amalume!" anafuula atakweza mutu. "Mudakali moyo pamwambapo? Tsikani tikambirane ngati anthu. Mwala umenewo ndili ndi wougula, akufuna kuuika pakapinga."

"Umuuze ayambe wagula msana wangawu, ndiwo ukudziwa ntchito yake."

"Inu sekani. Munthu wanga akufuna mbali zonse ziwiri, agwetse khoma, aike galasi lalikulu loyang'ana kuchigwa. Mukachedwa mudzagulitsa motchipa, anzanu atadya kale."

"Anzanga ake ati?"

Ramez anamwetulira, akukulunga tepi yake pang'onopang'ono.

"Amayi a Ziad andilandira bwino, khofi ndi maswiti omwe. Mwatsala inu nokha, amalume."

Melhem anatsala ali chilili, ngalande ili m'manja, mphepo ikumulowa m'khosi.

Kumapiri kuno nyumba sigulitsidwa neba asanafunsidwe. Ngakhale nebayo akhale wopanda ndi nkhuku yomwe, umavala bwino, kugogoda pakhomo pake n'kunena kuti, ndikugulitsa nyumba, kodi mukuifuna? Iye amayankha kuti Mulungu akudalitsireni malonda anu, basi nkhani yatha. Onse amene anachoka mumsewuwo anachita zimenezo, ngakhale aja anali asakulankhulana ndi Melhem. Anagogodedwa kambirimbiri moti mawu odalitsawo anayamba kumuwawa m'kamwa. Ndiye anati adikire. Ngati Wadad akugulitsa, abwera.

Wadad anabweradi, koma ndi mbale ya phala lotentha la kishiki, ufa wa tirigu ndi chambiko chouma, la adyo wambiri monga Melhem ankalikondera. Anadandaula za bondo lake ndi za mtengo wa dizilo wa mbaula. Za tepi sanatchule. Mawa lake anabwera kudzabwereka machesi. Za tepi, zii.

Melhem anatsikira kugolosale ya Sarkis, malo okhawo otsegula pakati pa sabata. Sarkis anali atakhala pafupi ndi mbaula, akuotcha mbatata pamwamba pake, wailesi ikulankhula yokha.

"Lowani, a Melhem, mutseke chitseko, kutentha n'kodula. Ndamva kuti muyamba kulankhula Chifalansa."

"Chifukwa?"

"Aneba atsopano, a ku Beirut olankhula Chifalansa aja. Akuti ndi dokotala wa mano, mkazi wake ali ndi kagalu kovala juzi. Muzidzakakokera mwala kameneko."

"Wakuuza ndani?"

"Ramez anagula fodya pano. Akuti zatsala pang'ono. Ine ndinati, ha, ndiye a Melhem atsala ndi amphaka. Inunso gulitsani, akulu. Ine mwana wanga akangopeza malo kumunsi, ndikhoma chitseko ichi osacheukanso."

Melhem anagula mchere umene sankaufuna n'kubwerera. Msewu wokwera unamutalikira. Nyumba iliyonse ankaidziwa ndi dzina la munthu amene kunalibe: apa panali telala, apa panali mzamba, apa panali mnyamata uja woimba chitoliro molakwitsa. Pamageti panali manambala a foni a ofuna kubwereka. Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo atafika kumtunda kuwawako kunali kutasanduka mkwiyo, poti mkwiyo ndiwo wopepuka kusenza.

Anapeza Wadad akudula nkhuni zing'onozing'ono pakhonde, atafunda shawelo yakuda.

"Amake Ziad, ndamva kuti ndikulandira aneba atsopano."

Wadad sanadzutse mutu. "Mwamva kwa Sarkis? Uja pakamwa pake pamatseguka golosale isanatseguke."

"Ndinaona ndi maso angawa. Ramez ndi tepi yake."

"Ndiye ndikanamuthira madzi? Mlendo ndi mame. Anayeza, inde. Khoma silichepa poti aliyeza."

"Mwambo umati neba ayambe wafunsidwa."

Apa Wadad anaika kankhwangwa pansi n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Akanakhala wina akanaona kuti mayiyo wakhumudwa, kuti munthu amene wamva chifuwa chake zaka zonsezi wakhulupirira dobadoba. Koma Melhem ankangoona zake.

"Kufunsidwa?" anatero Wadad. "Kuti mugule ndi chiyani, a Melhem? Ndi chijasi chimenecho? Simungagule ndi chitseko chomwe."

Masiku ena onse Melhem akanabweza, onse n'kuseka. Tsiku limenelo mawuwo anamulowa ngati munga.

"Ndiye ndi zoona."

"Zoona kapena zabodza, nyumba ndi yanga. Ndikafuna kuchita kanthu ndizipempha chilolezo kwa inu? Ndinu ndani wanga inu?"

Yankho la funso limenelo Melhem anali nalo. Analisunga zaka zambiri pansi pa lilime, ndipo linali litafika pamilomo. Koma munthu wa imvi, woyendera mankhwala a magazi, anganene bwanji zoterozo pakhonde, masana, kwa mkazi wa mnzake wakufa?

"Ndine wokoka mwala basi," anatero.

"Eya. Kokani mwala."

Chipale chinagwa Lachinayi usiku wonse, cholemera, chonyowa, cha mtundu umene umathyola nthambi za maapozi. M'mawa Melhem anakwera monga mwa masiku onse. Anakankha chipale cha mbali yake mpaka thukuta linatuluka. Anawaza timapesi. Anagwira chitsulo chokokera mwala n'kuyamba kukoka, kupita, kubwerera, kupita, kubwerera. Pamene pali khoma pansi, denga limatukuka pang'ono, kamzere kamene phazi lokha limakadziwa. Mwala utafika pamenepo, Melhem anaima. Anayang'ana mbali inayo, yoyera mbee, utsi wa Wadad ukutuluka pakati pake.

Adzakoke dokotala wa mano, anatero mumtima. Adzakoke Ramez ndi nsapato zake zoyera.

Anausiya pomwepo mwalawo n'kutsika.

Sikuti anafuna kuti lidonthe, ayi. Tisamunamizire mkuluyu. Ankangofuna kuitanidwa. Ankafuna kuti kamodzi kokha Wadad atuluke, aime pakhomo pake n'kunena kuti, a Melhem, nanga mbali yanga? Akanadzuka nthawi yomweyo, ngakhale wopanda nsapato. Anakhala pafupi ndi mbaula chijasi chili m'thupi, khutu lili kukhoma. Anamva mphika ukuikidwa pamoto. Anamva chifuwa. Anamva wailesi ikuyatsidwa n'kuzimitsidwanso. Chitseko sichinatseguke. Anadziphikira khofi, n'kumutaya atangolawa.

Masana mphepo inatembenuka. Inachokera kummwera, yofunda, yonunkha fumbi la kuchipululu, ndipo ngalande zonse za m'tauni zinayamba kuimba. Melhem anaimva. Mwana wa kuphiri aliyense amadziwa tanthauzo la mphepo imeneyo. Anaimirira, anagwira fosholo, anafika mpaka pamakwerero. Pomwepo magalimoto a Lachisanu anayamba kufika, ndipo galimoto yakuda ya Ramez inadutsa ikuliza hutala mwachibwana. Melhem anabweza fosholo kuseri kwa chitseko. Kunyada ndi matenda oipa, ndipo kumagwira kwambiri anthu amene alibe china chotsala.

Loweruka kusanache bwino anali kale padenga. Chipale cha mbali ya Wadad chinali chitasanduka phala, ndipo phazi linkalowa m'dothi. Anakankha, anawaza mapesi onse amene anali nawo, anakoka mwala mpaka manja anachita matuza, koma dothi linali litakhuta kale madzi. Atafika pamwamba pa khitchini anaima n'kudikira. Tsache silinagogode. Kutsidya kwa msewu, mtsikana wa chipewa chofiira anali kumujambula ndi foni, akuuza anzake kuti abwere adzaone zachikale.

Anatsika n'kukagogoda kwa Wadad. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire Nakhle, Melhem analowa mpaka kuchipinda, chifukwa mayiyo anangotsegula n'kutembenuka. Pakati pa chipinda panali beseni. Kudenga, pakati pa mitanda iwiri, panali banga lakuda lalikulu ngati thireyi, ndipo madzi ankagwa pang'onopang'ono, tho, tho. Matiresi anali ataimikidwa pafupi ndi mbaula.

"Amake Ziad..."

"Gwirani uko," anatero Wadad, akuloza kabati ya zovala. "Ziad akubwera mawa."

Anaikankha awiriwiri, kabati yolemera ya ukwati wake, mpaka inaima pansi pa bangalo. Wadad anapinda thaulo n'kuliyala m'beseni kuti madzi asamalire. Melhem anakwera pampando n'kuika beseni pamwamba pa kabati, kutsogolo kwake n'kuikako sutikesi ndi bulangeti lopinda. Bedi analisunthira kukhoma lina. Wadad anaima pakhomo la chipinda, pamene Ziad amaima, n'kuyang'ana m'mwamba atapendeketsa mutu.

"Sunthirani sutikesiyo kumanzere. Basi. Akafunsa, tinasuntha chifukwa cha mphepo ya pawindo."

Melhem ali pampando pomwepo, zinthu zinamuonekera zonse. Munthu wofuna kutsika sabisa beseni. Akanangoliika pakhomo kuti mwana wake apunthwepo.

"Simunagulitse," anatero.

"Tsikani pampando wanga musanathyoke, ndilibe mphamvu zokunyamulani."

Lamlungu kunacha bwino, dzuwa lowala, madzi akuyenderera mumsewu. Ziad anafika nthawi ya nkhomaliro ndi thumba la malalanje ndi mankhwala a amayi ake. Anali mwamuna wonenepa, wofatsa, wotopa ndi misewu ya mumzinda. Anapsompsona amayi ake pamphumi, anakumbatira Melhem, n'kuzungulira nyumba mutu uli m'mwamba monga mwa chizolowezi. Anasuzumira kuchipinda.

"Mwasuntha katundu?"

"Mphepo ya pawindo," anayankha awiriwo pamodzi.

Ziad anaseka. "Amalume, inu ndiye mdani wanga weniweni. Ramez ndinamutuma adzayeze kuti mwina amayi akamva mtengo mtima ugwedezeka. Akuti anamupatsa khofi, n'kumuuza kuti abwerenso tsiku la maliro awo."

Melhem anayang'ana m'mbale.

Wadad anali ataphika nyemba ndi nyama ya nkhosa, ndipo anaumirira kuti neba adye nawo. Anakhala patebulo la m'chipinda chochezera, mbaula ikulira. Ziad anasimba za ana ake, za lendi, za magetsi. Melhem ankatafuna osamva kukoma, khutu lili kuchipinda, akupemphera kuti thaulo ligwire ntchito yake. Thaulo linagwiradi. Koma madzi akalowa m'denga ladothi sayenda njira imodzi. Amatsata mtanda mwakachetechete n'kukatulukira pamene afuna.

Dontho linagwa papulasitiki ya patebulo, pakati pa mbale ya azitona ndi buledi.

Wadad anatambasula dzanja n'kuika kapu pamwamba pake, ngati akungoisuntha. Lachiwiri linagwera m'kapumo.

Ziad anayang'ana kapu, anayang'ana kudenga. Anaimirira, analowa kuchipinda, ndipo awiriwo anamumva akukoka mpando. Anabwera atanyamula beseni ndi manja awiri, thaulo likuyandama m'madzi a matope. Analiika pansi mosamala. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Amayi, munagona pati?"

"Pampando. Ndimakonda pampando."

"Ndi chifuwa chimenecho."

Kenaka anatembenukira kwa Melhem n'kumugwira paphewa, mwaulemu wonse.

"Amalume, musadzimvere chisoni. Mutu umodzi susenza denga, ndipo inu mwalisenza nokha zaka zonsezi. Taonani manja anuwa. Mwakula, amalume. Ife ndi amene tinalakwa kukusiyirani ntchito ya anthu awiri."

Melhem anatsegula pakamwa. Wadad anamutsogolera.

"Chipale chinali cholemera," anatero, maso ali pa mwana wake. "Ndi mphepo ija. Ngakhale bambo ako sakanalipulumutsa."

"Munalonjeza pamanda, amayi."

"Ndikudziwa pamene ndinalonjeza. Sindinakalambe mutu."

Analongedza masana omwewo. Sanatenge zambiri: zovala, chithunzi cha Nakhle, botolo la azitona, kapoto ka khofi. Zotsalazo Ziad anati adzatuma lole chisanu chikatha. Melhem anathandiza kunyamula sutikesi mpaka pagalimoto, kenaka anabwerera kwake n'kutseka chitseko, chifukwa nkhope yake sinali yoonetsa anthu. Kunja magalimoto a alendo anali atayamba kutsika, imodzi pambuyo pa inzake.

Anamva kugogoda.

Wadad anali ataima pakhomo atavala diresi lake la kutchalitchi ndi nsapato zakuda, tsitsi atalimanga bwino. Anaima mowongoka, manja atawagwirizira kutsogolo, ngati mlendo wochokera kutali.

"A Melhem, mwana wa Tanios," anatero. "Ndikugulitsa nyumba yanga. Ndinu neba wanga wa khoma limodzi. Kodi mukuifuna?"

Melhem anagwira chitseko. Mawuwo ankawadziwa, anali atawanena kwa msewu wonse. Koma lero mawuwo anakana kutuluka.

"Yankhani, mwana akudikira."

"Mulungu... Mulungu akudalitsireni malonda anu."

"Amen." Wadad anagwedeza mutu. "Mwaona? Ikakhala nkhani yoona, ndimabwera."

"Wadad." Aka kanali koyamba kumutchula dzina lake lenileni. "Lachisanu lija, ine..."

"Ndinaumva," anatero mayiyo, mosakweza mawu. "Zaka zonsezi ndimaumva mwala umenewo ukuchoka kwanu, ukudutsa pakhoma, ukubwera. Ndimadziwa ndi pamene mumapumira. Lachisanu ndinaumva pamene unaimira. Khofi anali pamoto."

"Mukanandiitana."

"Inunso mukanabwera."

Anayang'anana, nkhalamba ziwiri zouma mitu, ndipo panalibe wopambana. Wadad anatulutsa kiyi m'thumba n'kumuika m'dzanja la matuza lija.

"Muzitsegula mawindo dzuwa likawala, mungachite nkhungu. Ndipo muzidya, musamangomwa madzi otsukira makapu anu aja."

Galimoto inatsika msewu pang'onopang'ono, ikuzemba maenje, mpaka inakhota pa golosale ya Sarkis.

Ramez sanachedwe. Pasanathe sabata pakhonde la Wadad panali chikwangwani chokhala ndi nambala ya foni, ndipo posakhalitsa anachichotsanso, nyumba itagulidwa. Dokotala wa mano anabwera kamodzi ndi munthu wojambula mapulani, anapereka moni mwaulemu, n'kunena kuti ntchito iyamba maluwa a maapozi akatuluka. Denga adzalidula pakhoma, mbali yawo adzathira simenti. Anafunsa ngati amalume sanasinthe maganizo. Melhem anati mbaula yake ikuzima, n'kulowa.

Pakati pa sabata mumsewu wakumtunda munkatuluka utsi umodzi. Melhem anazolowera kusiya wailesi yoyatsa. Kuseri kwa khoma kunali zii, ndipo khomalo linayamba kuzizira, moti anasuntha bedi lake kulichotsa pamenepo. Ziad anaimba foni kamodzi. Anati amayi ali bwino, chifuwa chachepa, kungoti amakhala pawindo tsiku lonse kuyang'ana kumapiri, ndipo akuti khofi wa madzi a mumzinda sakoma.

Chisanu chisanathe chipale chinagwanso, chouma, chopepuka. Melhem anavala majuzi ake awiri n'kukwera. Anakankha cha mbali yake, anakankhanso cha mbali inayo, ya nyumba ya eni ake imene denga lake linali kudikira kugwetsedwa. Anagwira chitsulo n'kuyamba kukoka. Pakamzere kaja mwala unagunda pang'ono n'kudutsa. Pamwamba pa chipinda chogona anayenda pang'onopang'ono monga kale, kuti fumbi lisagwere pabedi. Anafika kumapeto, pamwamba pa khitchini, n'kuima.

Tauni yonse inali pansi pake, madenga ofiira atafunda zoyera, mawindo otseka. Anaima nthawi yaitali, mpweya ukutuluka ngati utsi, mpaka zala za kumapazi zinachita dzanzi. Ankadziwa bwino kuti tsache lili kuseri kwa chitseko cha Wadad, pamene analiimika yekha dzulo lake atalowa ndi kiyi uja kukasesa.

Komabe anagogoda ndi chidendene, kawiri, n'kutchera khutu.